Moto wophikira ndi moto wowotha: nkhani ya mbaula m'tsinde mwa Chambe

Nkhani ya mbaula yakambidwa kwambiri m'dziko muno, koma nthawi zambiri imakambidwa ngati kuti moto wa pakhomo uli ndi ntchito imodzi yokha, yophika nsima ndi ndiwo. Aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri lino la Mulanje akudziwa kuti si choncho. June ndi July akafika, chiperoni chikatsika ndi nkhungu yake ndi kamvula kowaza kosakata masiku angapo, mpaka thanthwe lalikulu la Chambe osaonekanso, moto ndiwo umagoneka ana, ndiwo umaumitsa yunifolomu ya mawa, ndiwo umasunga agogo amene magazi awo sathamanganso. Mfundo yanga lero ndi yakuti nkhuni tidzazipulumutsa, ndipo phiri tidzalipepuza, pokhapokha tikavomereza kuti kuwotha moto ndi chosowa chenicheni chofanana ndi kuphika, n'kukonza mbaula, nkhuni ndi nyumba zathu poganizira ntchito ziwiri zonsezi. Mbaula yoiwala kuzizira idzaikidwa kuseri kwa chitseko mphepo ikayamba, ndipo mafuwa adzabwerera pamalo pake.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti nkhuni sizichoka msanga pakati pathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, oposa 680,000 mwa iwo ali m'boma lino la Mulanje, limodzi mwa maboma othinana kwambiri. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ophikira magetsi sakwana ngakhale 3. Wina anganene kuti kukamba za mbaula yadothi ndi kubwezera anthu m'mbuyo, tsogolo ndi magetsi ndi gasi. Tsogolo limenelo tonse tikulifuna, ndipo Mulanje wasonyeza kuti madzi a m'phiri angathe kuwunikira midzi, monga achitira a kampani ya MEGA ku Bondo pamtsinje wa Lichenya. Koma kuyatsa babu ndi kutchaja foni n'kosiyana kutali ndi kuwiritsa nyemba kapena kufunditsa chipinda. Ntchito ziwiri zomalizazi zimadya magetsi ambiri amene banja lodalira ganyu ndi kutchola tiyi silingawakwanitse. Ngakhale a m'tauni anabwerera ku makala pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho funso la zaka zimene zili patsogolo pathuzi ndi lakuti nkhuni tiziziwotcha motani.

Tayang'anitsitsani zimene zimachitika pamafuwa. Zikuni zitatu zakumana pakati, poto wakhala pamwamba, malawi akutulukira m'mipata yonse itatu ndipo mphepo ikawomba amapendekera kumbali, kunyambita mpweya m'malo mwa poto. Pansi nthaka yozizira ikumwa kutentha. Pakati pa zikuni, pamene mpweya sukufika bwino, pakufuka utsi woyera umene ukupangitsa wophika kutembenuza nkhope, misozi ili chuchuchu. Akatswiri oyeza moto amapeza kuti pamafuwa, mwa magawo 100 a mphamvu imene ili m'nkhuni, amene amalowa m'poto amakhala pakati pa 10 ndi 15 basi. Utsi umenewo ndi nkhuni zimene sizinapse. Ndi mafuta a mtengo amene atuluka chifukwa cha kutentha koma asowa mpweya ndi moto wokwanira woti ayake. Mwaye wakuda umene walendewera kudenga la khitchini ndi gawo la mtolo umene mayi anausenza kuchokera kumtunda kwa Likhubula, khosi lili gwaa, koma sunaphike kanthu.

Chitetezo Mbaula inabwera kudzatseka mipata imeneyi, ndipo tiyenera kunyadira kuti mbiri yake ili pakhomo pathu pano: inayamba kufala kuno ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kudzera m'pulojekiti ya chakudya imene inkathandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, isanafike m'maboma ena. Mapangidwe ake ndi osavuta. Ndi dothi la mtapo loumbidwa pachikombole ndi kuwotchedwa mu uvuni, lokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni ndi mpweya, timitu titatu tokhazikapo poto, ndi zogwirira ziwiri zonyamulira. Khoma lake limatchinga mphepo, limasunga kutentha pamalo amodzi kuti utsi wambiri upse, ndipo limakankhira malawi kumimba kwa poto. Khomo lake laling'ono limakana chikuni chachikulu, motero wophika amazolowera tinkhuni towaza, tinthambi ndi zitsononkho. Kuyeza kochitikira m'makhitchini enieni kumasonyeza kuti banja logwiritsa ntchito mbaulayi bwino limapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Ena amalengeza zoposa pamenepo, koma ine ndikhala pa chiwerengero chodzichepetsachi chifukwa nacho chokha n'chokwanira. Banja limene limatha mitolo itatu pasabata lingamathe iwiri. Pachaka ndi mitolo 52 yosasenzedwa, maulendo 52 amene mtsikana sanakwere phiri m'mamawa n'kufika kusukulu atatopa kale.

Apa ndiye pabwera chitsutso chimene ndimachilemekeza kuposa zonse, chifukwa chimachokera kwa amayi amene amagwira moto tsiku ndi tsiku. Iwo amati mbaula imaphika bwino koma siwotheka. Moto wake wabisika m'dothi, suwala, ndipo ana sangauzungulire. Amayiwa sakulakwa. Kutentha kumene akatswiri amati kumatayika pamafuwa, mu July sikutayika konse, kumapita m'miyendo ya anthu. Amene amayeza mbaula powiritsa madzi m'chipinda choyezera sawerengera phindu limeneli, n'chifukwa chake amadabwa akapeza mbaula yawo ili pakona, yasanduka posungira mchere. Komabe chitsutsochi chili ndi malire ake. Miyezi yozizira kwenikweni kuno ndi itatu, pamene miyezi isanu ndi inayi yotsalayo kutentha kwa mafuwa kumangovutitsa wophika, makamaka mu October pamene thukuta limachita kuyenderera. Kukana mbaula chaka chonse chifukwa cha miyezi itatuyo ndi kuluza nkhuni za miyezi isanu ndi inayi popanda chifukwa. Ndipo ngakhale m'miyezi yozizirayo, mafuwa safunditsa bwino monga timaganizira. Moto wapoyera umawotcha mawondo msana uli zii. Utsi ukachuluka mumatsegula chitseko, mphepo yozizira n'kulowa kudzatenga malo a mpweya wotentha umene wathawira kudenga. Lawi likangozima, kutentha kwatha, n'chifukwa chake anthu amasonkhapo chitsa chachikulu kuti chinyeke usiku wonse, chikufuka utsi pamene ana akugona.

Maiko amene kumazizira kuposa kuno anakumana ndi vuto lomweli kalekale, ndipo yankho limene anapeza ndi lofanana kulikonse: moto uyake mwamphamvu kwa nthawi yochepa m'malo otsekeka, kutentha kusungidwe m'chinthu cholemera monga njerwa kapena mwala, utsi utuluke panja kudzera pachumuni. Kumpoto kwa China anthu akhala akugona pa kang kwa zaka mazanamazana. Ndi bedi lanjerwa limene utsi wa moto wophikira umadutsa pansi pake usanatuluke, kotero kuti moto umodzi umaphika chakudya chamadzulo n'kufunditsanso banja mpaka m'mawa. Ku Russia ndi ku Finland amamanga mbaula zazikulu zanjerwa zimene zimasonkhedwa kamodzi kapena kawiri patsiku. Mbaula zachitsulo zotsekeka za ku Ulaya za masiku ano zimasiya m'nyumba magawo 70 kapena 80 mwa 100 a kutentha kwa nkhuni, pamene moto wapoyera wa pachumuni, wonga umene alendo amawotha m'nyumba zogona pamwamba paphiri lino, umataya gawo lalikulu kumwamba. Sindikunena kuti tiitanitse mbaula za ku Ulaya. Mtengo wake ungagule malata a nyumba yonse. Ndikunena kuti nzeruyo ndi yotheka ndi zimene tili nazo. Dothi lilipo, njerwa zilipo, amisiri omanga alipo pamsika uliwonse. Mbaula yomangira pansi ya njerwa ndi matope, yokhala ndi chumuni ndi kakhonde kokhalapo m'mbali mwake kamene utsi umadutsamo, ingathe kuphika ndi kufunditsa ndi nkhuni zomwezo. Kumpoto, ku Nkhata Bay, a bungwe la Ripple Africa afalitsa Changu Changu Moto, mbaula yomangidwa ndi njerwa ndi matope ya mapoto awiri, ndipo zasonyeza kuti mabanja amatha kudzimangira ndi kudzikonzera okha. Chimene chikusowa ndi chakuti opanga mbaula aganizire madera ozizira monga Mulanje, Thyolo, Dedza ndi Mzimba mwapadera. Chumuni nayo imafuna chisamaliro: ikadzaza mwaye imabweza utsi m'nyumba, ndipo ikadutsa padenga laudzu popanda chotchinga ingayatse nyumba. Ngakhale Chitetezo yomweyi ili ndi gawo lake pano, pakuti dothi lake limakhala lofunda kwa kanthawi moto utazima, ndipo banja lingathe kuizungulira pakhonde kapena m'khitchini mopita mphepo mukatha kuphika.

Pamenepa ndiyenera kuchenjeza mosapita m'mbali. Musalowetse mbaula ya makala, kapena mbaula iliyonse imene muli makala onyeka, m'chipinda chogona n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha ndipo sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, kenaka tulo tokoma, ndipo ena sadzukanso. Nyengo yozizira iliyonse timamva za maliro otere m'dziko muno, kawirikawiri a alonda, ana asukulu ochita lendi ndi mabanja ogona m'kachipinda kamodzi. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda chotero, tsegulani paliponse, mutulutsireni panja ndipo thamangirani naye kuchipatala. Njira yabwino yosungira kutentha m'chipinda chogona ndi kukonza nyumbayo, moto n'kukhala kwina. Denga lamalata lopanda siling'i limataya kutentha msanga kwambiri. Ndicho chifukwa chake m'bandakucha limadontha mame, pamene nyumba yaudzu ya agogo imakhala yofunda. Siling'i ya mphasa, bango kapena nsungwi zoluka, pamodzi ndi kumata ming'alu ya m'mbali mwa mafelemu, zimapulumutsa nkhuni zimene palibe mbaula ingazipulumutse.

Pali chinthu china chotsika mtengo kuposa zonsezi, chimene sichifuna bungwe kapena ngongole: kuumitsa nkhuni. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauika pamoto mumamva ukulira, thovu likutuluka kumapeto kwa chikuni. Moto ukuyamba wawiritsa madzi a m'mtengo usanawiritse a m'poto, ndipo poti wazizira, ukufuka utsi wochuluka. Nkhuni zowaza, zosanjidwa pansanja pansi pa denga mpaka zitapepuka ndi kung'aluka kumapeto, zimapereka kutentha kochuluka pa mtolo womwewo. Ku England boma linafika poletsa, kuyambira 2021, kugulitsa nkhuni zaziwisi m'timitolo ta pakhomo, chifukwa utsi wa mbaula zofunditsira nyumba unali utakhala gwero lalikulu la fumbi loipa la mumpweya. Ife sitifunika lamulo kuti tichite zimenezi, tifunika kusanja nkhuni za June mu April ndi May. Ndipo Mulanje ali ndi mwayi umene maboma ena alibe: nandolo. Mitengo ya nandolo ikauma imayaka bwino m'mbaula ya khomo laling'ono, pamene pamafuwa imangoti lawi phuu n'kutha. Munda umodzi umapereka ndiwo, ndalama, chonde m'nthaka ndi nkhuni. Mbaula ndiyo imasandutsa mitengo ya nandolo, mapesi, zitsononkho ndi nthambi zosadzira kukhala nkhuni zenizeni, ndipo pamenepo ndi pamene ulendo wa kuphiri umayamba kuchepa.

Za umoyo ndilankhule mosamala, chifukwa apa ofalitsa mbaula analonjeza zambiri kuposa zimene umboni ukulola. Bungwe la WHO linati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, kudzera m'chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Koma kafukufuku wamkulu wochitikira kuno kwathu, ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, anapeza kuti mbaula zamakono zokhala ndi fani, zoyaka bwino kuposa Chitetezo, sizinachepetse chibayo mwa ana. Chimene chinachepa ndi kupsa ndi moto. Wina angatenge zimenezi n'kunena kuti mbaula n'zachabe. Ine ndikuwerengamo phunziro lina. Mwana sapuma utsi wa poto wa mayi ake wokha. Amapuma wa anansi, wa zinyalala zowotchedwa, wa koloboyi, wa mafuwa amene banja limayatsabe pambali pophika thobwa kapena powotha. Kuchepetsa utsi pang'ono sikukwanira kuteteza mapapo aang'ono. Choncho tisauze amayi kuti mbaula yadothi ndi mankhwala a chibayo. Tiwauze zoona: imapulumutsa nkhuni ndi nthawi, imateteza mwana wokwawa kuti asagwere pamoto, koma utsi uyenera kutuluka panja, khitchini ikhale ndi mawindo oyang'anizana, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene moto ukukolezedwa.

Chitsutso china ndi chowawa, ndipo chili ndi chilungamo mkati mwake. Anthu amafunsa kuti, bwanji mukulimbana ndi mayi wa kamtolo kamodzi pamene amene anamaliza phiri ndi ena? N'zoona. Nkhalango ya phiri la Mulanje inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo ya mkungudza yokhwima isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Sanaimalize ndi amayi ophika nsima. Anaimaliza ndi macheka a ogulitsa matabwa ndi moto wolusa. Owotcha makala opita nawo ku Limbe ndi ku Blantyre, mauvuni a njerwa ndi kulima m'malire a nkhalango zimadya mitengo yambiri pakamodzi. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo liyenera kugwira amene ali ndi malole, osati amene ali ndi nkhata pamutu okha. Komabe mitolo ya midzi yonse yozungulira phiri ikaphatikizidwa si yochepa, ndipo kuwononga kwake kumachitika mwakachetechete. Nkhuni zogwa zokha zikatha pafupi, anthu amadula mtengo wauwisi n'kuusiya uume kuti adzautole ngati wogwa wokha. Kenaka amadula mphukira za pazitsa, zimene zikanabwezeretsa nkhalango ya masuku ndi mitengo ina ya m'munsi mwa phiri. Nkhalango yotere imaphukanso yokha ikapatsidwa mpata. Kuchepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa atatu ndiko kuipatsa mpatawo. Ndipo amene amaona ngati kuchoka pankhuni kupita pamakala ndi chitukuko adziwe kuti uvuni wadothi umadya makilogalamu a mtengo osachepera 6, nthawi zina mpaka 10, kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Kwa phiri, nkhuni zouma m'mbaula yabwino ndi zopepuka kuposa thumba la makala.

Chifukwa chosamalira zonsezi tikuchiona m'madzi. Likhubula, Thuchila, Ruo ndi Lichenya zimachokera m'phiri lino, ndipo madzi a Likhubula tsopano akuyenda m'mapaipi mpaka ku Nguludi kukamwetsa mzinda wa Blantyre. Mitengo ndi udzu wa m'mapiri ndizo zimagwira mvula kuti ilowe pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa March 1991, ndipo tonse tikukumbuka March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri a chigawo chino ndi kutenga miyoyo yoposa 1,000, kuphatikizapo amene sanapezeke. Sindinganene kuti mitengo ikanaletsa mvula yoopsa chotero. Mvula yotero imagumula ngakhale malo a nkhalango. Koma phiri lometedwa limagumuka ndi mvula yochepa, ndipo madzi ake amatsika ndi liwiro lalikulu, atanyamula miyala ndi matope.

Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zidzakhala zitafika m'makomo, ndipo chiwerengerocho chinalengezedwa kuti chakwana. Ndi ntchito yaikulu yoyenera kuyamikiridwa. Koma mbaula yogawidwa ndi mbaula yoyaka ndi zinthu ziwiri. Masiku ano mbaula zambiri zimalipiridwa ndi ndalama za makampani akunja amene amagula umboni wakuti utsi wowononga nyengo wachepa kwinakwake, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley anasonyeza mu 2024 kuti mapulojekiti ambiri a mbaula padziko amakokomeza phindu limeneli kangapo konse. Mankhwala a vutoli ali m'manja mwa midzi yomwe. Mbaula iwerengedwe ikapezeka yotentha, ndipo owerengawo abwere mu July, osati mu October mokha. Magulu a amayi oumba akhale pafupi, kuti mbaula ikang'aluka ina ipezeke pamsika wa sabata yomweyo, pakuti dothi lowotchedwa limatha ndipo losawotchedwa bwino limasweka msanga. Gawo la ndalama zakunjazo lifike kwa oumba ndi kwa mabanja amene akusungadi nkhunizo.

Kwa mabungwe ndi alangizi a zankhalango, pempho langa ndi lakuti mukamabwera ndi mbaula m'dera lino muzifunsa amayi kuti banja limawotha bwanji, ndipo muyese nawo limodzi mbaula yanjerwa ya chumuni m'makomo angapo nyengo yozizira ikubwerayi. Kwa mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi, tetezani mphukira za pazitsa monga mutetezera mbande zobzala, ndipo nenani poyera za malole a makala ndi matabwa. Kwa abambo, nsanja ya nkhuni, siling'i ndi zenera la khitchini ndi ntchito za manja anu. Zichiteni chiperoni chisanafike. Ndipo kwa banja lililonse limene lili pano: phikani pambaula, wotchani nkhuni zouma, bzalani nandolo ndi mitengo ya nkhuni m'malire a munda, ndipo usiku uliwonse wozizira, musanatseke chitseko chogona, tulutsani makala panja.